ATI TIBWERE NDI KALATA YA ABWANA: KODI WA GENI BWANA WAKE NDANI?

Abale anga a pamsika, pali mawu ena amene akutilowa m'khutu mokoma masiku ano. Ati: "Musaope kutenga ngongole, ili ndi inshulansi. Mukagwa m'mavuto idzakulipirirani." Mawuwa ndawamva ku Senga Bay, ndawamva ku Chipoka, ndawamvanso pa Kamuzu Road. Owalankhula amakhala anyamata otchena, chikwama m'manja, ulemu wosaneneka. Koma tangowafunsani kuti kodi mavuto ake ati, muone m'mene amasinthira nkhani.

Ine izi sindinazimve pa wailesi ayi. Zachitika m'nyumba imene ndinakuliramo.

Mayi anga aang'ono, amene anandilera, ndi a geni ya usipa. Amapikula kugombe m'bandakucha, kuyanika pa thandala, n'kukwera nawo ku Lilongwe kukagulitsa kwa enanu amene mukuwerenga nyuzi ino. Fizi yanga mpaka folomu 4 inachokera m'dengu la usipa. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mpamba wawo unangosungunuka. Ndalama imene inkagula madengu asanu inayamba kugula atatu, thiransipoti nayo osanena. Ndiye anapita ku bungwe lina lobwereketsa ndalama. Chikole chake anapereka nyumba yawo ya malata, imene anaimanga pang'onopang'ono kwa zaka zambiri.

Anasainira K800,000. M'manja analandira K740,000. Atafunsa za K60,000 yotsalayo, mnyamata uja anati ndi ya mafomu ndi inshulansi. "Mayi, imeneyi ndiye mtetezi wanu. Mukadwala, geni ikaima, nyumba yanu palibe adzaikhudze." Mayi anakondwa, nadinda chala.

Mu 2024 nyanja inakwera moti ngakhale akuluakulu anagwira pakamwa. Madzi analowa m'nyumba za anthu ndi m'malo ogona alendo m'mbali mwa nyanja kuno ku Salima, ku Nkhotakota ndi ku Mangochi. Pamene panali matandala a mayi panasanduka poswerana achule. Tsoka sasimba: m'mwezi womwewo anagwa potsika lole, mwendo n'kuthyoka. Chikhakha miyezi iwiri. Geni zii!

Mayi sanade nkhawa. Ankangoti, "Mwana wanga, si paja tili ndi inshulansi?" Ndinawaperekeza ku ofesi, iwo pa ndodo, ine nditanyamula mapepala a kuchipatala. Amene tinawapeza pa desiki sanali mnyamata uja. Anayang'ana mapepalawo kamodzi n'kutibwezera.

"Pepani mayi, inshulansi iyi imagwira ntchito mukamwalira, mukalumala osachiranso, kapena akakuchotsani ntchito. Ngati nkhani ndi ya ntchito, mubwere ndi kalata ya abwana anu."

Mayi anaseka, kuseka kwa ukali. "Achimwene, ine bwana wanga ndani? Nyanja? Ndikauze mwera kuti undilembere kalata?"

Usiku umenewo ndinakhala pansi ndi fomu ija. Masamba anayi, Chingerezi chokhachokha, timalemba tating'onoting'ono ngati nthata. Zonse zimene ananena a pa desiki zinalimo ndithu. Zimene analonjeza mnyamata uja munalibe ngakhale liwu limodzi. Ndipo china: chiwongoladzanja ankachiwerengera pa K800,000 yonse, kutanthauza kuti mayi ankalipira chiwongoladzanja pa ndalama imene sanaigwire n'komwe.

Tsono timvetsetsane, chifukwa safunsa anadya phula. Inshulansi ya pangongole si mankhwala a geni yanu. Kwenikweni imateteza wobwereketsayo. Mukamwalira, ndalama siipita kwa ana anu, imapita kukatseka ngongole. Pamenepo sindikunyoza ayi. Ndikudziwa banja lina kwathu kuno limene bambo atamwalira ngongole inafafanizidwa, ana n'kutsala m'nyumba mwawo. Chimenecho ndi chinthu chabwino. Vuto ndi pamene akugulitsani mbali imene simungaigwiritse ntchito mpaka kalekale. Munthu wodzilemba yekha ntchito sachotsedwa ntchito. Wogulitsa tomato, wosoka zovala pakhonde, wa kabaza, wa kaunjika, ndani angamulembere kalata yomuchotsa? Kumulipiritsa inshulansi yoteroyo kuli ngati kugulitsa nkhafi kwa munthu wa ku Dedza amene alibe bwato.

Ndipo mavuto athu enieni sali m'mafomumo. Kuno kunyanja mwera ukakuntha m'miyezi ya Juni ndi Julayi, mabwato amagona pamchenga. Ku chilumba cha Mbenje, m'dera la Mfumu Makanjira, usodzi amautseka chaka ndi chaka m'nyengo ya dzinja mpaka cha m'ma Epulo, mwambo wa makolo woti nsomba ziswane. Inu a m'tauni muli ndi zanu: msika kupsa, katundu kulandidwa, mitengo kukwera usiku umodzi. Izi ndiye zimene zimaimitsa geni. Koma tsiku lobweza ngongole silidziwa mwera.

Musaganize kuti zimenezi ndi za ife amphawi a ku Malawi okha. Ku Britain, kumene anthu ake amawerenga Chingerezi chobadwa nacho, mabanki anagulitsa inshulansi yotchedwa PPI kwa anthu miyandamiyanda otenga ngongole za nyumba, za galimoto ndi zina. Ambiri mwa iwo anali odzilemba okha ntchito, opuma pantchito ndi odwala kale, anthu amene sakanalandira kanthu. Ena sanauzidwe n'komwe kuti akulipira. Anthu anadandaula osatopa. Mu 2011 mabanki anagonja kubwalo lalikulu la milandu ku London, ndipo anthu anapatsidwa mpaka pa 29 Ogasiti 2019 kuti akapereke madandaulo. Ndalama zimene anabwezeredwa zinaposa mapaundi 38 biliyoni. Mwamva bwino, biliyoni.

Ku Joni nako, kumene abale athu ambiri ali, sitolo ya mipando ya Lewis inapezeka kuti inkagulitsa inshulansi ya kutha kwa ntchito kwa anthu opuma pantchito ndi odzilemba okha. Mu 2015 inavomera kubweza ndalama zoposa R60 miliyoni. Pofika 2017 boma la South Africa linaika malire a mtengo wa inshulansi ya pangongole, n'kuletsa kulipiritsa munthu mbali ya kuchotsedwa ntchito pamene iye sali pantchito yolembedwa. Ngati anzathuwa anakwanitsa, ife chotilepheretsa n'chiyani?

Malamulo tili nawo. Mu 2010 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa malamulo oyendetsera mabungwe a zandalama, a inshulansi ndi obwereketsa ngongole zing'onozing'ono. Woyang'anira mabungwe onsewa ndi Gavanala wa Reserve Bank of Malawi, ndipo ofesi yake imalandira madandaulo a anthu wamba. Palinso Competition and Fair Trading Commission ku Lilongwe, imene imaona za kunamiza ogula, komanso bungwe la CAMA loimira anthu ogula. Koma ndi angati pa gombe la Lifuwu amene akudziwa zimenezi? Ambiri timangolira m'mimba n'kumati ndi tsoka, kapena kuthamangira kwa akatapila kuti titseke dzenje pokumba lina lozama.

Ife tinalemba kalata ku bungwe lija, m'Chichewa chomveka, kufotokoza zimene anawalonjeza mayi, tsiku lake ndi amayi anzawo awiri amene analipo. Tinapempha kuti adinde chidindo pa kope lathu. Poyamba anatizungulitsa, lero abwana kulibe, mawa kompyuta yavuta. Titatchula kuti kalata yachiwiri ipita ku Reserve Bank, mpando unapezeka. Anavomera kuchotsa zilango za kuchedwa ndi kutalikitsa nthawi yobwezera. Ya inshulansi ija sanabweze ngakhale tambala, koma nyumba inapulumuka. Mayi anamaliza ngongoleyo atagulitsa mbuzi zawo zonse zinayi.

Ndiye inu amene mukuganiza zotenga ngongole, wakutsina khutu ndi mnansi. Musanadinde chala funsani: ndisainira zingati, m'manja ndilandira zingati? Ya inshulansi payokha ndi ingati? Kampani ya inshulansiyo dzina lake ndani? Imalipira pa mavuto ati, nanga ati imene siilipira? Ine wa geni, wopanda bwana, ndikadwala miyezi iwiri, ndibwere ndi pepala lanji? Akakuyankhani pakamwa, auzeni akulozereni mzere wake m'fomumo. Fomuyo pitani nayo kunyumba, mwana wa sukulu akuwerengereni, mugone nayo usiku umodzi. Akakana, dziwani kuti pali chimene akubisa. Mukasaina, tengani kope lanu, musunge pamodzi ndi malisiti onse. Ndipo auzeni akunyumba kuti ngongoleyo ili ndi inshulansi, kuopa kuti inu mutatsogola, amasiye angamalipire ngongole imene inayenera kufa nanu limodzi.

Kwa eni mabungwe ndili ndi pempho limodzi lokha. Pofuna kutikopa mumalankhula Chichewa chothyakuka, ena mpaka Chiyao akafika kunyanja kuno. Nanga bwanji pofika pa fomu mumasanduka azungu? Lembani mafomuwo m'chilankhulo chimene munatikopera nacho. Ndipo ngati mukufunadi kutiteteza, tipangireni inshulansi yodziwa kuti kuli mwera, kuli matenda, kuli moto wa pamsika. Imeneyo tidzagula tokha osatikakamiza.

A makomiti a m'misika, a mabanki nkhonde, nkhaniyi muikambe pa misonkhano yanu. Mutu umodzi susenza denga. Kalata ya munthu mmodzi amaiika pansi pa faelo, koma ya anthu makumi atatu imadzutsa abwana pampando. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.