Malambe a Agogo

Kwathu ndi ku Ngabu, m'boma la Chikwawa, kumene milambe iri yosawerengeka. Tsiku lakubwerera ku sukulu, agogo anandininkha malambe asanu, nati, "Mdzukulu wanga, usaswe onse pamodzi. Uziswa limodzi pa tsiku lakulidya."

Koma ine ndinacita manyazi. Ndinaopa kuti anzanga a ku Blantyre adzandiseka poona zigoba m'sutukesi mwanga. Cotero ndinaswa onse kuseri kwa nyumba, ndi kukulunga zam'kati m'pepala. Pasanapite mwezi zinacita cinyezi, zinada, ndipo ndinazitaya.

Sabata yomweyo aphunzitsi athu a sayansi anabwera ndi dambe m'kalasi. Anatiuza kuti ufa wace uli ndi Vitamini C wocuruka kopambana wa m'lalanje, ndiponso zina zochedwa maantioksidanti. Izi zicinjiriza tizigawo ta thupi kuti tisaonongeke, monga mafuta acinjiriza khasu ku dzimbiri. Bvuto lace ndi lakuti sizicedwa kuonongeka ndi mpweya, kuwala ndi kutentha. Dambe liuma liri mu mtengo, ndipo cigoba cace ndico cisunga ufawo. Apo ndinakumbukira mau a agogo, ndipo ndinawerama.

Aphunzitsi anapitiriza kuti ngakhale tadya cipatso cabwino, si zonse zifika m'mwazi. Zina zionongeka pa ulendo wa m'mimba, zina zingopitirira. Cifukwa ca ici akatswiri apeza nzeru yakuzipangira zigoba zazing'ono zedi. Ena asanganiza madzi a cipatso ndi utomoni wa gum arabic, umene ucokera kwambiri ku Sudan, naziwaza mu mpweya wotentha kuti kadontho kali konse kaume kali kokutidwa. Ena apanga timibulu ndi alginate, wocokera ku ndere za m'nyanja ya mcere. Timibulu timeneti tilimba mu asidi wa m'cifu, koma tikafika m'matumbo ang'ono, m'mene cakudya cilowera m'mwazi, titupa ndi kumasula zam'kati. Nzeru yace ifanana ndi ya makapisozi a ku cipatala.

Cinandilasa mtima koposa ndi ici: mu 2008 maiko a European Union analoleza ufa wa malambe kugulitsidwa kwao ngati cakudya. Anthu a kutali agula ndi ndalama cinthu cimene ine ndinacita naco manyazi!

Agogo sanapite ku sukulu, ndipo Vitamini C samdziwa. Koma anadziwa kuti cabwino cisungika m'cigoba kufikira nthawi yace. Ndikadzapita kwathu ndidzawaulula zimene ndinacita, ngakhale ndidziwa kuti adzandidzudzula.

Anzanga a ku Cigwa, inu a ku Nchalo, Bangula ndi Nsanje, tisabise malambe ndi masau athu. Tilimbike pa sayansi, kuti mtsogolo nchito yakukonza zipatso izi idzacitike ndi ife tomwe, eni ace milambe.