Galimoto ya ku Tete, Chisanu cha ku Fonte Boa

Galimoto yanga ndinaigula mumzinda wa Tete, kumene munthu amatuluka thukuta ali chikhalire. Kumeneko palibe amayesa hita. Inenso sindinayese.

Ndinadzazindikira mu Juni, mbandakucha, ndikuthamangira ndi amayi kuchipatala ku Ulongwe, chifuwa chitawathina. Hita inkangouzira mphepo ngati ya kudambo. Galasi linachita nkhungu, ine kupukuta ndi chipewa, amayi akunjenjemera m'zitenje ziwiri.

"Mwanawe, tseka chimphepo chakocho," anatero.

Titabwerera ku Fonte Boa ndinagwira mapaipi awiri opita ku hita: onse ofunda pang'ono chabe. Ikanatentha imodzi yokha, ndikanati hitayo yatsekeka ndi dzimbiri. Injini itazizira ndinasuzumira m'rediyeta, madzi odzaza. Apo m'pamene ndinakumbukira kuti kamuvi kosonyeza kutentha sikanakwere ulendo wonsewo.

Makaniko atamasula, pamalo pa temositati panalibe kanthu. Wina anaichotsa kuchigwa, poopa kuti injini ingawire. Kuno kumtunda madzi ankangozungulira m'rediyeta osapsa.

Yatsopano ndinaigula nditagulitsa kachewere. Hita ikutentha tsopano, koma amayi sakwera opanda bulangete.