Mafuta a m'mafupa a mlongo wake

Ndine mayi wa ku Vubwi, m'dziko la Mfumu Pembamoyo. Mwana wanga wamwamuna anabadwa ndi matenda a siko selo. Tinadziwira ku chipatala cha St Francis ku Katete, manja ndi mapazi zitatupa akadali kumsana. Kuchokera pamenepo inali nkhani ya mapilitsi a folic acid, hydroxyurea ndi kuikidwa magazi. Kuzizira kwa Juni kukafika, mafupa ankamuwawa mpaka mawu kutha ndi kulira, ena m'mudzi n'kumanong'ona kuti pali dzanja la munthu.

Ku chipatala cha UTH ku Lusaka adokotala anaopa kuti mwana angafe ziwalo, ndipo anatiuza za kumuika mafuta a m'mafupa a munthu wina, amene amapanga magazi. Kwa m'bale wa mayi ndi bambo amodzi, mwayi woti agwirizane ndi umodzi pa 4. Mwana wanga woyamba, mtsikana, anagwirizana naye. Nthawi imeneyo njira inali ya ku India. Ng'ombe tinagulitsa koma sizinafike n'komwe pa theka. Mpingo, amalume ake a ku Kitwe ndi anthu amene sindinawaonepo ndiwo anasonkha zotsalazo.

Titafika ku India, adokotala anayamba ndi mankhwala amphamvu opha mafuta ake akale. Kulowetsa maselo a mlongo wake sikunavute konse, anangodontha pa diripi. Mavuto anadza pambuyo, thupi litatsala lopanda chitetezo. M'kamwa ndi pakhosi munatuluka zilonda zoti ngakhale malovu sankameza, ankagona atafungatira kambale kolavuliramo. Thupi likangofika pa 38, anamwino sankadikira kuche. Ankatenga magazi n'kumuyambitsa mankhwala opha tizilombo pomwepo.

Cha kumapeto kwa sabata yachiwiri adokotala anabwera akumwetulira kuti maselo oyera ayamba kuoneka. Usiku womwewo mwana anatentha, zidzolo zofiira zili mbuu thupi lonse, sikelo inakwera ndi madzi, ndipo ankapuma mobanika mpaka anamuika mpweya. Ndinaimbira bambo ake, mawu osatuluka. M'magazi sanapezemo kachilombo. Anati ndi engraftment syndrome: mafuta atsopano akamayamba ntchito, nthawi zina amautsa moto m'thupi, mitsempha n'kumadontha madzi mpaka m'mapapo. Anamubaya ma steroid, kutentha n'kutsika.

Tisanapume bwino, zikhatho ndi kumapazi zinafiira, kenako kutsegula m'mimba kwamadzi okhaokha, anamwino n'kumayeza m'jagi zonse zimene watulutsa. Iyi inali GVHD. Maselo a mlongo wake ankalimbana ndi khungu ndi matumbo ake, ngati galu wobwera kumene amene amaluma eni khomo. Mwanayo anandifunsa kuti, "Amayi, achemwali andikwiyira?" Ndinati, "Ayi mwananga, magazi awo sanakuzolowere chabe." Ma steroid ndi ciclosporin anagwira ntchito pang'onopang'ono, nkhope n'kutupa, koma m'mimba munaleka.

Anatiuza tisanasaine kuti mwa ana 100 olandira kwa m'bale wogwirizana naye, oposa 90 amapulumuka. Otsalawo nawonso ali ndi amayi awo. Mmodzi ndinkapemphera naye m'khonde, aliyense m'chinenero chake, ndipo anabwerera kwawo wopanda mwana. N'chifukwa chake sindiuza kholo lililonse kuti lithamangire chithandizochi lisanamve zonse, zabwino ndi zowawa zomwe.

Mulungu anatichitira chifundo. Masiku 100 oyamba, amene ndi oopsa, anadutsa, tinabwerera, ndipo akatemera onse anayambanso kulandira mwatsopano. Pano akupita kusukulu, nyengo yozizira imadutsa osagonekedwa. Ku Tanzania chipatala cha Benjamin Mkapa ku Dodoma chinayamba kuchiza ana motere mu 2023, ndipo ndimalakalaka ana a kuno atamathandizidwa pafupi ndi kwawo. Nkhawa imodzi idakalipo. Adokotala anati mankhwala oyamba aja akhoza kumulepheretsa kudzabereka, ndipo ine ndi bambo ake tinagwirizana kuti akadzakula tidzamuuza tokha.