Kalekale Ankalowa ndi Kalata Imodzi: Utolankhani wa Magemu Dzulo ndi Lero

Mu 1984, m'tauni yaing'ono ya Ludlow ku England munayamba kutuluka magazini yotchedwa Crash. Eni ake, Roger Kean pamodzi ndi Oliver Frey ndi mbale wake Franco, ankafuna anthu oyesa magemu a kompyuta ya ZX Spectrum kuti aziuza owerenga gemu yoyenera kugula ndi ina yongotayitsa ndalama. Sanavutike n'kukasaka akatswiri ku London. Anatola anyamata a sukulu a m'tauni momwemo. Akaweruka, anyamatawo ankadzera ku ofesi kudzatenga makaseti, kusewera mpaka zala kuuma, kenako n'kulemba zakukhosi kwawo. Pofika 1986 magaziniyo inkagulitsa makope oposa 100,000 pamwezi, ndipo makampani opanga magemu ankatchera khutu ku mawu a ana omwe anali asanamere ndi ndevu zomwe.

Kalelo ntchitoyi inalibe sukulu. Magazini oyamba a magemu, Computer and Video Games ku Britain ndi Electronic Games ku America, anali atangoyamba kumene mu 1981, ndiye panalibe amene akanadzitcha mkhalakale. Chofunika chinali kudziwa kusewera ndi kutha kulemba chiganizo chomveka. Julian Rignall anapambana mpikisano wa magemu womwe Computer and Video Games inakonza mu 1983, n'kuyamba kulemba timalangizo togonjetsera magemu ovuta, ndipo mu 1985 anali atakhala kale pa desiki ku Zzap!64, magazini ya kompyuta ya Commodore 64. Mkonzi woyamba wa magaziniyo, Chris Anderson, ndi yemwe uja anadzakhazikitsa kampani ya Future Publishing, n'kudzatsogolera misonkhano ya TED pambuyo pake. Ambiri ankalowa choncho: kalata imodzi yanthabwala yopita kwa mkonzi, mapu a gemu ojambula pamanja, kapena ndemanga yotayipa pamakina n'kuiponya ku positi.

Ntchito yake inkafuna kudekha. Gemu inkabwera pa kaseti yofanana ndi ya nyimbo. Unkaiika mu wailesi ya kaseti yolumikiza ku kompyuta, n'kudikira mphindi zinayi kapena zisanu phokoso loboola m'makutu likulira, mizere yamitundumitundu ikuthamanga m'mbali mwa TV. Tepi ikangodumpha pang'ono, basi, kuyambiranso. Zithunzi zoika m'magazini ndiye zinali ntchito ina payokha. Ankatseka makatani, kuzimitsa magetsi, kuimika kamera kutsogolo kwa TV, wina n'kumasewera mpaka afike pamalo ooneka bwino, wojambula atatchera. Filimu ikakatsukidwa n'kupezeka kuti chithunzi chatuluka mbuu, mawa lake kubwerezanso. Mapu a gemu ankawalemba chipinda ndi chipinda pa pepala la timabokosi, ndipo wosewera akafa asanafike kumapeto, wolemba mapuwo ankangoika pensulo pansi n'kudikira.

Koma m'kati mwa thukuta limeneli munali chinthu chimene achinyamata a lero sachipeza wamba: mkonzi wokhala naye chipinda chimodzi. Mnyamata akapereka ndemanga yake, inkabwerera itafiira ndi inki. Apa wabwereza mawu, apa wayamikira osapereka chifukwa, apa zikuonekeratu kuti gemuyi sunaimalize. Wakutsina khutu ndi mnansi. Magazini inkatuluka kamodzi pamwezi, choncho panali mpata wolemba, kukanidwa, n'kulembanso. Malipiro anali ochepa, koma mwezi ukatha ankabwera, ndipo munthu ankaphunzira ntchito m'mimba muli kanthu. N'chifukwa chake m'timaofesi topanikizana timeneti munatuluka alembi odziwika. Charlie Brooker, amene anayambitsa sewero la pa TV la Black Mirror, ankalemba mu PC Zone. Rhianna Pratchett, amene analemba nkhani ya Tomb Raider ya mu 2013, anadzera momwemo. Kieron Gillen anachokera ku Amiga Power ndi PC Gamer asanayambe kulembera Marvel.

Mawu a mlembi analinso ndi mphamvu chifukwa wogula analibe kwina kofunsa. Mwana wosunga ndalama zake za m'thumba kwa milungu ingapo sakanaona gemu ikuyenda asanaigule. Ankadalira zithunzi zochepa ndi ndemanga ya munthu amene ankamukhulupirira. Ku Japan, magazini ya Famitsu, yomwe inayamba mu 1986, inkapatsa gemu imodzi kwa anthu anayi, aliyense n'kupereka malikisi osapitirira 10. Anali ouma manja moti gemu yoyamba kupeza 40 pa 40 inali The Legend of Zelda: Ocarina of Time, mu 1998.

Tisakometse kale mopitirira. Nintendo Power, yomwe ana a ku America ankaikonda kuyambira 1988, inayambitsidwa ndi kampani ya Nintendo yomwe, ndipo palibe amene amanyoza katundu wake pa msika. Magazini ena ankadalira ndalama za otsatsa malonda, omwe anali makampani omwewo opanga magemu. Ntchito zambiri zinalinso m'mizinda yowerengeka: London, Bath, San Francisco, Tokyo. Wobadwira kutali ndi kumeneko, ngakhale akanakhala ndi luso lotani, ankangothera kuwerenga. Akazi m'maofesiwo anali ochepa kwambiri.

Intaneti itabwera, mwezi uja unafupika kukhala ola. Mawebusaiti a GameSpot ndi IGN anayamba mu 1996, Eurogamer mu 1999, Kotaku mu 2004. Nkhani ikatuluka m'mawa, pofika masana yakalamba. Mu 2001 kunabwera Metacritic, yomwe imasonkhanitsa malikisi a alembi ambiri n'kupanga nambala imodzi, ndipo nambalayo inayamba kuyendetsa ndalama. Kampani ya Obsidian, yomwe inapanga Fallout: New Vegas mu 2010, inaphonya bonasi chifukwa gemuyo inapeza 84 pomwe mgwirizano unkafuna 85. Mu November 2007, Jeff Gerstmann anachotsedwa ntchito ku GameSpot atapereka malikisi otsika ku Kane & Lynch: Dead Men, panthawi yomwe malonda a gemu yomweyo anali atadzaza pa GameSpot. Chaka chotsatira iye ndi anzake anayambitsa Giant Bomb, ndipo owerenga ambiri anawatsatira. Apa m'pamene zinaonekera kuti anthu amatsata munthu amene amamukhulupirira, osati chikwangwani cha kampani.

Kenako kanema anamaliza ntchito. YouTube inayamba mu 2005, Twitch mu 2011, ndipo wogula sanafunenso kuuzidwa mmene gemu imaonekera, popeza angathe kuonera wina akuisewera tsiku lonse. Makampani nawonso anazindikira kuti angathe kulankhula okha ndi ogula. Nintendo inayamba kuulutsa Nintendo Direct mu 2011, ena n'kutengera. Chionetsero cha E3, chomwe kuyambira 1995 chinali msonkhano waukulu wa atolankhani a magemu, chinathetsedwa mu December 2023. Magazini anagwa motsatizana: GamePro mu 2011, Nintendo Power mu 2012, ndipo NAG ya ku South Africa inasiya kusindikizidwa mwezi ndi mwezi mu 2015. Mu 2023 nyuzipepala ya Washington Post inatseka gawo lake la magemu lotchedwa Launcher, Vice n'kutseka Waypoint. Mu August 2024 kampani ya GameStop inatseka magazini ya Game Informer mwadzidzidzi itatha zaka 33, mpaka inadzatsitsimutsidwa ndi mwini wina mu 2025.

Nanga wofuna kuyamba lero amalowera pati? Khomo lili pululu. Safunika kupempha chilolezo kwa wina aliyense. Foni ndi bandulo ya intaneti zakwana kuti atulutse ndemanga yake kapena vidiyo yake madzulo omwewo. Vuto n'lakuti amene alowa pakhomo lomwelo ndi chinamtindi cha anthu, ndipo madesiki olipidwa pamwezi atsala ochepa. Ambiri amayamba ndi ganyu. Amalembera mkonzi amene sanamuonepo uthenga wa ndime ziwiri: nkhani yanga ndi iyi, ikufunika pano chifukwa chakuti, ndilankhula ndi akutiakuti, ndipo zomwe ndinalembapo kale ndi izi. Kawirikawiri yankho silibwera. Likabwera, amalipidwa pa nkhani imodzi imodzi.

Ganyu yopezeka msanga ndi yolemba malangizo: kiyi wa chitseko chakuti ali pati, chilombo chakuti n'kuchipha bwanji. Nkhani zoterezi n'zimene anthu amasaka pa Google, ndiye n'zimene zimabweretsa ndalama za otsatsa malonda. Wolemba ndemanga amalandira gemu pa intaneti masiku ochepa isanatuluke, atasainira kuti sanena kanthu mpaka tsiku ndi ola loikika. Gemu ya pa kaseti ija inali yaing'ono. Ya lero ingafune maola 60 kapena 100, ndipo mlembi amaisewera usiku ndi usana ali yekha m'chipinda chake kuti asatsalire anzake akamatulutsa zawo. Akamaliza, nthawi zambiri palibe womubwezera pepala lofiira. Womuuza kuti walakwitsa ndi owerenga okwiya, nkhani itatuluka kale.

Komabe pali ntchito imene kalelo sinkachitika kwenikweni koma lero ikuchitika, ndipo ndi yomwe ili ndi tsogolo. Alembi a m'magazini akale ankaweruza magemu. Sankafufuza kwenikweni za anthu owapanga. Jason Schreier, ali ku Kotaku, analankhula ndi antchito ambiri mosawatchula maina n'kuulula za maola ankhanza ku kampani ya Rockstar mu 2018, ndipo mu 2019 anaulula chipwirikiti chomwe chinalipo popanga gemu ya Anthem. Mu 2020 Bloomberg inamutenga. Danny O'Dwyer wa ku Ireland anachoka ku GameSpot mu 2016 n'kuyamba Noclip, yomwe imajambula mbiri ya mmene magemu anapangidwira, ndi ndalama zosonkha oonera pa Patreon. Mu November 2023 alembi omwe kale anali ku Kotaku anakhazikitsa Aftermath, yomwe eni ake ndi antchito omwewo ndipo imadalira owerenga olipira. Zimene kampani ikufuna kuti zimveke imazinena yokha pa YouTube. Mtolankhani watsala ndi zimene kampaniyo sikufuna kunena, ndi zimene sikuzidziwa n'komwe.

Apa m'pamene wachinyamata wa ku Ndirande, Chipata kapena Johannesburg ali ndi mwayi womwe kalelo kunalibe. Kupikisana ndi IGN pa ndemanga ya gemu yatsopano n'kudzivuta chabe. Koma mlembi wa ku London sadziwa za kashopu ka PlayStation komwe anyamata amalipira pa gemu imodzi, akumaitchulabe FIFA ngakhale inasintha dzina kukhala EA Sports FC mu 2023. Sadziwa mmene munthu amasankhira gemu ya pafoni poyang'ana bandulo yomwe idye, kapena zomwe zimachitika magetsi akathima mpikisano uli m'kati. Zimenezi ndi nkhani, ndipo wozilemba bwino ndi amene amakhala pomwepo.

Choncho woyamba lero aphunzire zomwe mtolankhani aliyense amaphunzira: kufunsa mafunso, kutsimikizira nkhani kwa anthu oposa mmodzi, kusunga nthawi, ndi kuulula poyera akapatsidwa gemu yaulere. Adziwe kujambula ndi kudula vidiyo, popeza cholembera chokha sichikwaniranso. Asasiye msanga ntchito ina yomwe ikumudyetsa. Koposa zonse, asake womudzudzula. Kale mkonzi unkamupeza pa ntchito pomwepo. Lero uyenera kumufunafuna wekha, kaya ndi mtolankhani wopuma, mphunzitsi wa chilankhulo, kapena mnzako wosaopa kukukhumudwitsa. Umupatse nkhani yako isanatuluke, ndipo akakuuza kuti ndime yachitatu ilibe mutu, usakangane naye. Kailembenso.