Mphwanga, za makina oyengera mafuta aja

Chawama,
Lusaka.

Wokondedwa mphwanga,

Ndikhulupirira muli bwino nonse ku Mwase. Ife kuno tilipo, kungoti m'tauni ngakhale chiwawa n'chogula. Nshawa zimene amayi anatumiza pa basi zinafika, ana sakuchoka pa mbaula. Uwathokoze kwambiri.

Nkhani ya makina oyengera mafuta a mpendadzuwa imene unandiuza pa foni yandikhala pamtima. Waganiza bwino. Chaka ndi chaka mavenda amatigula mbewu pamtengo wolira nawo, ife tomwe n'kumakagulanso saladi wa m'botolo ku Boma. Ukamayenga konko, mafuta ugulitsa, zotsalira zake oweta nkhuku ndi nkhumba azidzachita kulimbirana.

Chovuta ndi mpamba, ndikudziwa. Kubanki amafuna chikole, pomwe munda wathu ndi wamakolo, uli pansi pa mfumu yaikulu Mwase ndipo ulibe mapepala. Komatu usayerekeze kupita kwa a kaloba. Mnzanga wina kuno anakongola zogulira firiji, mwezi usanathe chiwongoladzanja chinali chitafika theka la ndalamazo, firiji ija anainyamula pa wilibala iye akuona.

Njira zina zilipo. Ndalama za boma zachitukuko zotchedwa CDF, zimene zinali K1.6 miliyoni pa konsitichuwense iliyonse, zinakwera kufika K25.7 miliyoni mu 2022, ndipo mu 2025 zinafika K36.1 miliyoni. Mbali ina ya ndalamazi ndi ya magulu a achinyamata ndi azimayi, zina zongopatsa, zina za nkhongole. Mafomu amadzera ku komiti ya chitukuko ya wadi, ija amati WDC. Kulinso a CEEC, bungwe la boma lokongoza nzika zochita malonda. Ndiponso lamulo la 2016 limalola kuti katundu wonga makina kapena ng'ombe akhale chikole, osati nyumba ndi malo okha.

Koma onsewa safuna nkhani zapakamwa. Adzakufunsa: gulu lanu n'lolembetsa? Muli ndi akaunti? Thumba limodzi limatulutsa malita angati, ndipo muzigulitsa kwa yani? Apa m'pamene ambiri kwathu amagwera. Ndiye gula kope, uzilemba ngwee iliyonse yolowa ndi yotuluka. Anzako a m'banki ya m'mudzi aja uwakoke mulembetse kopaletivu, chifukwa mutu umodzi susenza denga. Ukafunse ndithu kwa amene ali kale ndi makina otere kuti amawononga zingati pa mafuta a injini ndi pa zitsulo zikatha, kuti chiwerengero cha pa fomu chikhale choona.

Usaganize kuti za kwathu sizingapite patali. A bungwe la COMACO anayamba ndi alimi a kuchigawo chathu chomwecho, lero chiponde ndi uchi wawo wa It's Wild! ndimazipeza m'mashopu akuluakulu muno mu Lusaka. Ndikaziona ndimangoti, nshawa zathu izi!

Chenjezo langa ndi limodzi: nkhongole ya boma ndi nkhongole ndithu. Ena amaidya ngati ya malume, n'kutsekera anzawo mwayi. Ukalandira, usagulire njinga yamoto kapena kulowolera.

Pita kwa akhansala sabata ino ukafunse nthawi imene alandire mafomu. Ya thiransipoti yopitira ku Boma ndikutumizira pa Airtel Money ndikalandira malipiro. Moni kwa amayi, alamu ndi ana onse.

Ndine mkulu wako.