Ulusi wa Karonga uli m'munda wa thonje

Ife oluka majuzi, zipewa za ana ndi mashawelo kuno ku Karonga timagwira ulusi umene sitidziwa kumene unapotedwa. Wambiri ndi wa m'mafakitale akunja, umatipeza utaoloka pa Songwe, ndipo kwacha ikangogwa mtengo wake umakwera. Ndiye ena amati bwanji osaweta alpaca, nyama ya ku Peru ndi Bolivia ya ubweya wofewa ndi wofunda? Ine monga woluka ndikuti ayi. Alpaca kwawo ndi kumapiri a Andes, mamita oposa 3,500 pamwamba pa nyanja yamchere, pomwe ife tili m'chigwa chotentha cha m'mbali mwa Nyanja ya Malawi. Amaimeta kamodzi pachaka, ndipo imaswa mwana mmodzi itatenga bere miyezi yoposa 11. Khola lotere lingadzaze liti dengu la ulusi? Wina anena za Nyika kuti kumazizira. Kumaziziradi, koma ndi malo osungirako nyama zakuthengo, si busa. Ngakhale nkhosa zathu zamakolo sizitithandiza, pakuti ubweya wake ndi waufupi ndi wolimba, supoteka.

Chimene tili nacho ndi thonje. Alimi a m'boma lino amalima, ndipo pa Ngara panamangidwa fakitale ya ADMARC yochotsa njere. Vuto lili pakati pa belo ndi singano yanga: palibe wopota. Thonje limachoka kuno lili mabelo, ife n'kumagula ulusi wa eni. Kupotako si luso lachilendo, makolo ankapota ndi manja n'kuomba nsalu zawo nsalu za m'sitolo zisanafike.

Akuti thonje silifunda ngati ubweya. N'zoona, koma ndani amafuna juzi yolemera mu Okutobala wa ku Karonga? Khanda la kuno limafuna choluka chopepuka, chomwa thukuta, chosayabwa khungu, chopirira kuchapidwa tsiku ndi tsiku, ndipo apa thonje limaposa ulusi wa m'paketi. Za kaunjika ndizo zovuta kuyankha, chifukwa pa mtengo sitingalimbane naye. Komabe kaunjika sayeza mwana, sasankhitsa mtundu, ndipo sangavekere sukulu yonse majuzi ofanana. Makasitomala athu ali pamenepo.

Akhonsolo ndi mabungwe amene mumaphunzitsa amayi kuluka, onjezaniponi makina ang'onoang'ono opotera thonje. Alpaca isiyeni ku Andes.