Mankhamba, Mudzi wa Mafumu Wogona Pansi pa Nthaka

Ife aphunzitsi a ku Ndirande, Bangwe ndi Zingwangwa timaphunzitsa ana obadwira m'tauni. Tikawafunsa kumene kunali likulu la Kalonga, mfumu yaikulu ya Amaravi, ena amatchula Zomba, ena Lilongwe. Dzina la Mankhamba ndi lachilendo m'makutu mwawo.

Mankhamba ali kufupi ndi Mtakataka m'boma la Dedza, m'chigwa cha pakati pa mapiri ndi nyanja. Wapaulendo sangaoneko linga kapena nsanja, pakuti makolo athu ankamanga ndi mitengo, dothi ndi udzu, zimene chiswe ndi mvula sizichedwa kumaliza. Komabe nthaka inasunga zina. Dr Yusuf Juwayeyi, katswiri wofukula zakale, atakumba kumeneko anapeza mapale a mbiya, zipangizo zachitsulo ndi zamkuwa, zidutswa za makoza a minyanga ya njovu, mikanda yagalasi ndiponso mapale a mbale zoumbidwa ku China. Umenewu ndi umboni wakuti Amaravi ankachita malonda ndi maiko akutali Atsamunda asanafike.

Maiko ena nawo amafunafuna midzi ya mafumu awo m'dothi. M'chaka cha 1977, ku Vergina m'dziko la Greece, Manolis Andronikos anafukula manda okhala ndi zinthu zagolide pamalo pamene panali mzinda wachifumu wa Aigai. Akatswiri ambiri amati ndi manda a Mfumu Philip II, atate ake a Alexander Wamkulu. Agiriki anathandizidwa ndi miyala yosema ndi mabuku akale. Ife mabuku athu anali pakamwa pa akuluakulu. Ndi chifukwa chake buku la Dr Juwayeyi likanakhala losatheka kulemba popanda iwo, tikadatero. Buku lakelo, la mu 2020, linaluka pamodzi zofukulidwa m'nthaka ndi mbiri yosimbidwa ndi makolo.

Apa ndi pamene pagona nkhawa yathu. Phale limatha kudikira zaka mazanamazana m'dothi, koma nkhalamba sidikira. Agogo amene tikukhala nawo ku Chilomoni ndi ku Machinjiri amadziwa mifunda yathu, njira zimene makolo anadzera ndi maina a midzi imene anasiya. Maliro aliwonse otere amapita ndi zimene khasu silingafukule.

Tsono, makolo anzathu, tisangotengera ana ku nyumba yosungiramo zakale ya ku Chichiri. Madzulo tiwakhazike pamphasa pafupi ndi agogo awo, kope ndi pensulo zili m'manja, afunse ndi kulemba. Paja mawu a akuluakulu amakoma akagonera, koma amagonera pokhapokha wina atawasunga.